Thovu m'kabotolo ka Mayi Filomena

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndagula kope, ndayamba. Za ubwana ndazilumpha, palibe chimene ndinachita chimene mwana wina wa ku Milange sanachite. Ndatopa. Mawondo anga anatsalira m'misewu ya ku Mongue ndi ku Majaua, ndipo maso akufuna magalasi ena, choncho ndilemba zokhazo zimene zikundilemera. Inu mumadziwa kuti bambo anu anali tekiniko wa ziweto, ndiye kuti mlangizi wa boma, ndiponso kuti anamaliza ntchito atakhala pa benchi ya pa malire, kusuzumira m'madengu a nkhuku. Chimene chinandifikitsa pa benchi imeneyo simuchidziwa, chifukwa ine ndi mayi anu tinapangana kuti tisakuuzeni mukadali ana. Pano mwakula, mayi anu anatisiya, ndipo sindikufuna kuti nkhaniyi ikalowe nane m'manda.

Mongue, nkhondo itangotha

Ntchito ndinayambira ku Mongue. Nthawi imeneyo anthu anali akubwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, wina atasenza mphasa, wina chitseko, ndipo pafupifupi mayi aliyense anali ndi thadzi m'khwapa. Ng'ombe kunalibe, mbuzi zinali zowerengeka, kotero tekiniko wa ziweto anali kwenikweni tekiniko wa nkhuku. Anzanga a kusukulu ankandiseka nazo zimenezi. Ine sizinkandiseketsa, chifukwa ndinaona msanga kuti nkhuku imodzi ndiyo makope a mwana, ndiyo minibasi yopita kuchipatala, ndiyo ulemu mlendo akafika.

Mkulu wathu ku ofesi ya ku vila, ndiye kuti kutauni, anali a shefe Kandulu, munthu wamfupi wa nsapato zonyezimira. Sanali woipa mtima, koma ankaopa pepala kuposa mmene munthu amaopera njoka. Tsiku loyamba anandipatsa njinga yopanda mabuleki ndi buku la malipoti, n'kundiuza kuti, "Dezenrashka, mnyamata," kutanthauza kuti udzionera wekha. Ndinadzioneradi ndekha. Mankhwala kunalibe. Firiji inalipo imodzi, ya palafini, koma palafini ankabwera mwa apo ndi apo, moti mlonda ankasungiramo nyemba kuopa makoswe.

Mdani wanga anali chitopa. Chinkabwera dzuwa likayamba kuwawa, anthu akayamba kuyenda ndi nkhuku m'misika. Nkhuku zinkayamba kuodzera, mapiko atagwa ngati zavala jekete, zitosi zobiriwira, zina khosi litapotoka, ndipo pakutha pa sabata bwalo linali zii. Azimayi ankandiitana, ine n'kupalasa mtunda wonsewo kukangowauza kuti akwirire zakufazo mozama. Wina anandifunsapo kuti, "Ndiye boma lakutumani kudzatithandiza kulira?" Zaka zimenezo ndinaphunzira kumanga tayala ndi mphira, kulemba lipoti lofanana mwezi ndi mwezi, ndi kudya chinangwa chootcha ndili chiimire.

Kelimane, sabata ziwiri za kulusu

Kenaka kunamveka zoti kwabwera katemera wa chitopa amene safuna firiji kwambiri, wodonthetsa m'diso. Anatiitana ku Kelimane kukaphunzira, zimene kuno timati kulusu. Mphunzitsi wathu anali Dotora Inesi, dokotala wa ziweto, mayi wamtali wolankhula mofulumira, ndipo ankaphunzitsa m'Chipwitikizi chokhachokha. Ine mwana wa m'mphepete mwa phiri la Tumbine, kutentha kwa ku Kelimane kunandisokoneza mutu. Masana ena, titakhuta mpunga ndi nsomba, chokupizira mphepo chitafa, Dotora anajambula pa bolodi chinthu chozungulira chokhala ndi timatuza m'mbali mwake. Ndinakopera chithunzicho bwinobwino, chilipo mpaka lero m'kope langa. Mawu ake sindinawamve. Ndinadzidzimuka anzanga akukoka mipando.

Zimene ndinabwera nazo zinali izi: katemerayu ngwamoyo, musungunuleni ndi madzi oyera, dontho limodzi m'diso limodzi, katatu pa chaka, kabotolo kakhale m'dengu kokutidwa ndi nsalu yonyowa. Timabuku ta malangizo tinatha tisanafike kwa ife a mzere wa kumbuyo, ndipo anati adzatitumizira. Sindinafunse mnzanga aliyense kuti masana aja kunanenedwa chiyani, ndinachita manyazi. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu a kwathu anatuma ine kuti ndikawamverere, ine n'kukagona.

Majaua, zaka zabwino

Nditabwerako ananditumiza ku Majaua, kumene ndinakhala zaka zambiri, ndipo kumeneko n'kumene awiri a inu munabadwira. Dera ndi lalikulu, munthu mmodzi sangalimalize, choncho ndinasankha anthu asanu a m'midzi kuti ndiwaphunzitse kutemera. Anayi anali amuna. Wachisanu anali Mayi Filomena, mayi wamasiye wa ana atatu, amene ankaphika mandasi ogulitsa pa msika ndiponso ankatsogolera nyimbo ku tchalitchi cha Katolika. Sanapite patali ndi sukulu, koma mutu wake unali wakuthwa kuposa wanga. Ankadziwa nkhuku za nyumba iliyonse, ankakalipira amuna m'Chilomwe, kunyengerera akazi m'Chinyanja, ndipo sankachoka pakhomo nkhuku imodzi itatsala. Ikathawira m'chinangwa ankaidikirira.

Timabotolo todonthetsera tinali tochepa, tinkatigwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Tikamaliza tinkatitsuka ndi madzi owiritsa ozizira basi, chifukwa sopo anali wosowa ndipo palibe amene akanamuwononga pa kabotolo. Katemera tinkasungunulanso ndi madzi owiritsa omwewo. Lero ndikudziwa kuti tinkachita zolondola mwangozi, umphawi ndiwo unkatitsogolera. Chitopa chinabwera chaka choyamba n'kudutsa, chachiwiri chimodzimodzi. Nkhuku zinachuluka mpaka njinga zinkapita ku malire zitasenza madengu awiriawiri. Anthu anayamba kundipatsa moni ndikadali patali, ndipo a shefe Kandulu ankawerenga malipoti anga pamisonkhano ngati awalemba okha. Sindibisa, ndinatupa mutu.

Chaka cha kolera

Chaka china mvula inagwa yoopsa, kolera n'kulowa m'midzi. A zaumoyo anayenda ponseponse kulalikira za ukhondo, kugawa sopo ndi mankhwala a kolorini othira m'madzi. Zinali zoona ndipo zinapulumutsa anthu. Ine ndinapatsidwako katoni ya sopo wa ufa ndi mabotolo a kolorini. Ndinaganiza kuti ngati ukhondo ukupulumutsa anthu, ntchito yanganso iyenera kuoneka yamakono. Katemera wa mwezi wa Julaye atayandikira, ndinasonkhanitsa otemera anga pansi pa mtengo wa mango, n'kuwagawira sopo. Ndinawauza kuti kuyambira tsopano timabotolo tizinyikidwa m'madzi a sopo, ndipo katemera azisungunulidwa ndi madzi othira kolorini.

Mayi Filomena anayesa pomwepo. Anatsuka kabotolo, n'kukakhutchumula, n'kukakweza m'mwamba kuti akaone bwino. Kukamwa kwa kabotolo n'kopapatiza, thovu silituluka lonse.

"A Tekiniko," anatero, "thovuli likatsalira m'katimu silipweteka mankhwala? Pajatu munati mankhwalawa ngamoyo."

Amuna aja anaseka. Ine ndinamva ngati wandichotsa chipewa pagulu.

"Mayi," ndinatero, "ku Kelimane anapita ndani, inu kapena ine?"

"Inuyo, a Tekiniko."

"Puronto, nkhani yatha. Chitani zimene ndanena."

Mawu amenewo ndawamva m'mutu mwanga kwa zaka zambiri kuposa nyimbo iliyonse. Amuna anayi aja anatenga sopo n'kukapatsa akazi awo kuti achapire, kolorini n'kuthira m'mitsuko ya kunyumba, ndipo timabotolo anapitiriza kutsuka mwakale. Amene anandimvera anali Mayi Filomena okha. Anayenda midzi yawo yonse nyumba ndi nyumba, kabotolo kakununkhira sopo.

Dzuwa litayamba kuwawa chitopa chinafika. M'midzi ya amuna aja nkhuku zinafa zochepa. M'midzi ya Mayi Filomena zinatha psiti, zotemeredwa zomwe. Anthu sanafunikire kuganiza nthawi yaitali. Anati mayiyu anayenda ndi chitopa m'botolo, ena anati anachita dala kuti nkhuku za abale ake a kutsidya kwa malire zikwere mtengo. Anayamba kuponya nkhuku zakufa pakhomo pake. Mandasi ake ankabwerera nawo osagulidwa. Ku tchalitchi anamuuza kuti apume kaye kutsogolera nyimbo mpaka mitima itazizira, ndipo dzina lake linasintha, anayamba kumutcha Filomena wa chitopa. Ine ndinkangoti mwina katemera anatenthedwa m'njira, ndipo panthawiyo ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Tsiku limene Dotora anabwera

Nkhani inafika ku Kelimane, Dotora Inesi n'kubwera yekha pa galimoto. Tinapita kwa Mayi Filomena m'mawa, tinawapeza akukanda ufa wa mandasi ngakhale ogula kunalibe. Dotora sankadziwa Chinyanja, ndiye ine ndinali womasulira. Anafunsa za dengu, za nsalu yonyowa, za nthawi imene ankayamba kuyenda, ndipo zonse zinali bwino. Kenaka anati amuonetse mmene amatsukira kabotolo. Mayi Filomena anabweretsa beseni, sopo wa ufa ndi botolo la kolorini. Dotora anatenga kabotolo, anathiramo timadzi, n'kukhutchumula. Thovu linadzaza mpaka kukamwa.

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Afunseni, anawauza ndani zimenezi?"

Ndinamasulira funsolo ndi pakamwa pangapa. Mayi Filomena anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pansi.

"Auzeni kuti ndinangoona ngati ndi ukhondo," anatero.

Ndinamasuliranso. Sindinawonjezepo kanthu.

Dotora sanakalipe. Anakhala pa mpando wa ndalema, anasamba m'manja, n'kupempha ufa wokanda uja pang'ono ndi njere imodzi ya mtedza. Anati afotokoze pang'onopang'ono, ine ndizimasulira chiganizo ndi chiganizo. Thupi la nkhuku, anatero, linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo selo lililonse lili ndi khungu lake lopyapyala la mafuta. Kachilombo ka chitopa sikangathe kuswana pakokha. Kamalowa m'selo n'kulilamula kuti lisiye ntchito yake, liyambe kupanga ziwalo za tizilombo tina. Zina mwa ziwalozo zili ngati timinga, ndipo selo limakazibaya pa khungu lake lomwe, zitaloza kunja. Mtima wa kachilombo katsopano umapita kukakhala kunsi kwa malo a timingawo.

Apa anakwirira mtedza uja mu ufa, n'kufumbata, n'kuyamba kufinya monga amachitira ophika mandasi. Kampira ka ufa kanatumphuka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mtedza uli m'kati. Kachilombo sikaboola khungu potuluka, anatero, kamalikankha kuchokera m'kati, khungulo n'kutupa ngati mphukira, n'kukakuta mbali zonse. Khosi la mphukirayo limaning'a, limaning'a, mpaka kuduka. Anatsina, kampira kaja n'kugwera m'dzanja lake linalo. Selo limatsekeka pamene padukapo n'kupitiriza kutulutsa tina, tambirimbiri, mpaka litatheratu mphamvu. Kachilombo kalikonse kamachoka katavala chikopa chimene katenga kwa mwini nyumba, ndipo timinga tija tili pachikopapo. Timinga timeneto ndi timene kamagwirira selo lina, chikopa chake n'kulumikizana ndi khungu la selolo, mtima uja n'kulowa.

Apa m'pamene ndinazindikira chithunzi cha m'kope langa, chozungulira chija cha timatuza m'mbali. Koma Dotora ankapitiriza, ndipo ine ndinayenera kumasulira. Katemerayu, anatero, ndi m'bale wofatsa wa kachilombo komweko, wamoyo. Akadonthera m'diso amalowa m'maselo n'kuphukira chimodzimodzi, thupi la nkhuku n'kuphunzira kuzindikira timinga take popanda kudwala. Koma chikopa chija ndi mafuta. Anafunsa Mayi Filomena kuti poto wa mandasi amamuchotsa mafuta ndi chiyani.

"Ndi sopo," anayankha.

Dotora anafikisa kampira kaja ndi zala mpaka mtedza unatsala wokha. Sopo amasungunula chikopacho, timinga n'kugwa, ndipo kachilombo kamaliseche sikangalowe paliponse. Kolorini naye amamaliza zotsala. N'chifukwa chake sopo ndi wabwino m'manja mwa munthu amene wagwira nkhuku yodwala, koma m'kabotolo ka katemera ndi imfa. Nkhuku zonse zija zinangolandira dontho la madzi. Zinali zosatetezedwa monga kale, ndipo chitopa chenicheni chitafika chinangokolola.

Mayi Filomena anatola mtedza uja n'kuuyang'ana. "Ndiye sindinayende ndi matenda?" anafunsa.

"Ayi," ndinamasulira. "Simunayende ndi matenda."

Pokwera galimoto Dotora anandiuza kuti, "Izi ndinaphunzitsa ku kulusu, tekiniko. Uziwayendera anthu ako." Ndinangoti inde, Dotora. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi wina.

Masabata atatu

Ku ofesi a shefe Kandulu anali atalemba kale lipoti, longofuna dzina langa pansi. Linkati katemera anawonongeka chifukwa cha kusasamala kwa wotemera mmodzi wa kumudzi, amene wachotsedwa. Ndinawauza zoona, titatseka chitseko. Anavula magalasi n'kupukuta nkhope.

"Kalma, kalma, mtima pansi," anatero. "Mayiyo ali pa ndandanda wa olipidwa ndi boma? Ali ndi mpando woti angataye? Alibe. Iwe uli ndi ana, ndipo dzina lako ndalitumiza kale kuti ukwezedwe. Ukalemba kuti tekiniko ndiye analakwitsa, afunsa kuti shefe wake anali kuti. Mayiyo wavomera yekha pamaso pa Dotora. Ukufunanso chiyani?"

Ndinasaina. Ana anga, lembani zimenezi mumtima, bambo anu anasaina. Ndinapalasa kubwerera ku Majaua ndikudziuza kuti anthu amaiwala, mvula ikagwa adzatanganidwa ndi minda. Sanaiwale. Mlembi wa dera anawerenga chidule cha lipotilo pamsonkhano, ndipo mawu akuti kusasamala anthu anawamva ngati boma latsimikiza zonse zimene ankanena. Mayi Filomena anayesa kufotokoza za sopo, koma ndani akanamvera Filomena wa chitopa? Mayiyo dzina langa sanalitchule ngakhale kamodzi. Ine ndinayamba kuzungulira njira yaitali kuti ndisadutse pakhomo pake. Masabata atatu ndinakhala chomwecho, ndikudya, ndikusamba, ndikupita ku Misa.

Amene anandidzutsa ndi mayi anu. Tsiku lina masana tinkatong'ola chimanga pakhonde, iwo n'kunena osandiyang'ana kuti, "Bambo a Zeka, mwana wa Filomena wasiya sukulu. Anzake akumamulirira ngati tambala akamadutsa."

Ndinati anthu ndi oipa.

"Anthu eti? Katoni ya sopo ija ndinakuthandizani ndine kumanga pa njinga. Munati mukukaphunzitsa anthu anu ukhondo. Kapena ndinalota?"

"Mukufuna ndichotsedwe ntchito? Ana adya chiyani?"

"Adya chinangwa, monga akudyera a Filomena. Ine nditha kukhala mkazi wa munthu wosauka. Koma Lamulungu lililonse ndimakhala kumbuyo kwa mayi uja m'tchalitchi, ndipo ndatopa kuyang'ana khosi lake."

Ndinakwiya, ndinanyamuka, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Koma mlandu suwola, ndipo ndinadziwa kuti wanga wayamba kununkha m'nyumba mwanga momwe. Loweruka ndinalemba lipoti lachiwiri ndi dzanja langa, makope awiri, lina la a shefe, lina la Dotora. Lamulungu ndinapempha mayi anu kuti andikandire ufa pang'ono.

Misa itatha ndinapempha katekisiti kuti anthu asabalalike. Ndinaima pabwalo la tchalitchi, mbale ya ufa m'manja, tekiniko wathunthu wa boma. Ndinachita zonse zimene anachita Dotora, mtedza, kufinya, kutsina, ngakhale kampira kanga kanatuluka kopindika moti azimayi anaseka. Ndinawauza za chikopa cha mafuta chimene kachilombo kamatenga pa selo, ndi mmene sopo amachisungunulira. Kenaka ndinanena zimene ndinadzera. Ndinati sopo ndinabweretsa ndine, lamulo ndinapereka ndine, Mayi Filomena anandifunsa za thovu ine n'kuwatseka pakamwa, ndipo mwa otemera asanu iwo okha ndiwo anamvera. Ndinati ku kulusu ndinagona. Ndinatinso ndinasaina pepala lonama.

Kenaka bambo wina wachikulire anafunsa kuti, "Ndiye mwatero, a Tekiniko, nkhuku zathu zidzuka?" Ndinati sizidzuka. Ena anatukwana, wina anandiponyera chitsononkho, ambiri anangonyamuka n'kumapita akupukusa mitu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ine pokhala munthu wa boma anthu sakanandiponyera nkhuku zakufa pakhomo monga anachitira kwa mayi wamasiye. Mayi Filomena anali atakhala kumapeto, mpango utaphimba chipumi. Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kumapita kwawo.

Pa malire, mpaka kupuma

A shefe Kandulu atawerenga lipoti lachiwiri anangoti, "Wadzitchera wekha msampha." Sanandichotse ntchito, chifukwa Dotora analemba kalata yonena kuti timabuku ta malangizo tifike kwa aliyense ndipo tekiniko ameneyu asungidwe. Koma za kukwezedwa zinathera pomwepo. Anandisamutsira pa malire, kumene ntchito yanga inali kukhala pa benchi, kuyang'ana ziweto zodutsa ndi kudinda mapepala. Anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira nkhuku anadzakhala mashefe anga. Dzuwa, fumbi la malole, phokoso la onyamula katundu ndi osintha makwacha, chaka ndi chaka, mpaka tsitsi linayera. Ndinkadzitonthoza kuti mlandu uja ndinaulipira ndipo unatha.

Patapita zaka zingapo, tsiku la msika wa kutsidya, ndinaona mayi akutsika minibasi ndi dengu la nkhuku pamutu. Anali Mayi Filomena, atakalamba, ataonda. Anatula dengu patsogolo panga ngati munthu wina aliyense.

"Mwaswera bwanji, a Tekiniko? Ziyang'aneni. Zonse zinalandira dontho."

Nkhuku zinali zonenepa, maso owala. Ndinafunsa ngati anabwerera pa ntchito yotemera.

"Ndimatemera zanga zokha. Madzi owiritsa, opanda thovu. Za anthu ayi."

Ndinawauza kuti pepani, mawu amene pabwalo la tchalitchi paja ndinaiwala kuwauza iwo eni.

"Munalankhula bwino tsiku lija," anatero. "Ku tchalitchi anandibwezera nyimbo zanga. Koma amene anakumvani ndi okhawo anabwera ku Misa. Masabata atatu aja, a Tekiniko, dzina lija linakwera njinga. Linafika ku Mongue, linawoloka malire ku Muloza. Kutsidyaku ndikatula dengu pamapezeka wina wonong'oneza kuti musagule, ndi Filomena wa chitopa uyo. Ndimagulitsa anzanga onse atamaliza, pa mtengo wotaya."

Sananene mokalipa, ankangofotokoza monga munthu amafotokozera za mvula. Madzi akatayika sawoleka. Ndinadinda pepala lawo, ndinauza mnzanga wa pa benchi kuti andigwirire, ndinavala jekete langa la ntchito, n'kusenza dengu lija. Tinawoloka mlatho, iwo patsogolo ine pambuyo, onyamula katundu akundiseka kuti a Tekiniko alowa ganyu. Pa msika ndinaima pambali pawo. Woyamba kunong'ona ndinamuitana, n'kumufotokozera zonse, za selo, za mphukira, za chikopa cha mafuta, za sopo wanga. Anagula tambala, mwina pofuna kuti ndisiye kulankhula.

Kuyambira tsiku limenelo, Mayi Filomena akabwera ndi nkhuku ndinkasenza dengu ndi kukaima nawo, mpaka chaka chimene ndinapuma. Simungawerenge anthu amene ndinawaphunzitsa mmene kachilombo kamatulukira m'selo, ine amene ndinagona pa phunziro lomwelo. Sitinakhale abwenzi. Ankandipatsa moni, ankandithokoza, nthawi zina ankandisiyira mandasi awiri pa benchi. Anamwalira chaka chathachi. Ndinapita kumaliro ku Majaua, ndipo m'minibasi mnyamata wina amene panthawi ija anali asanabadwe n'komwe anafunsa mnzake kuti maliro ngandani. Mnzakeyo anati, "A Filomena aja, a chitopa."

Ndinayamba kufotokoza, koma injini inkalira kwambiri, mpweya wanga ndi wochepa masiku ano, ndipo anyamatawo anatsika ndisanafike pa sopo. Ine miyendo yatha, misika sindingayendenso. Inu mumayenda, wina ali ku Mokuba, wina amawoloka ku Muloza mwezi ndi mwezi. Mukadzamva munthu akutchula dzina limenelo, musadzangodutsa. Mudzamuimitse, mudzamuuze kuti mayi uja anafunsa za thovu, ndipo sopoyo anali wa bambo anu.